Agogo Akayamba Kuiwalaiwala: Zoti Muchite Pakhomo ndi M'mudzi

Funsoli limabwera mosiyanasiyana koma ndi limodzi lomwelo. Wina amati, "Amayi angodya kumene nsima, koma akuuza anthu kuti tikuwamana chakudya." Wina amati, "Abambo atuluka usiku, tawapeza kudambo, akuti akupita kuntchito chonsecho anapuma kalekale." Ambiri amafunsa motsitsa mawu, ndipo amamaliza ndi kuti, "Kodi ndi misala, kapena alodzedwa?" Ndayankha pafoni, pamaliro, panja pa tchalitchi, mpaka ndaona kuti ndingolemba kamodzi, wondifunsa ndizimutumizira.

Achipatala amawatchula matendawa kuti dementia. Ife timangoti agogo abwerera ku umwana, n'kumaganiza kuti ndi mmene ukalamba umathera. Si choncho. Nkhalamba yabwinobwino imaiwala dzina la mdzukulu n'kudzalikumbukira madzulo. Wodwala dementia amasokera njira ya kuchigayo imene wayendamo moyo wake wonse, amathira shuga m'ndiwo, amafunsa funso lomwelo mwangomuyankha kumene. Ndi matenda a ubongo, ndipo amakula pang'onopang'ono kwa zaka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko ali nawo, ndipo oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi opeza pakatikati, osati kwa azungu kokha monga ena amaganizira. Mtundu wofala kwambiri ndi Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Wina umabwera chifukwa cha masitiroko ang'onoang'ono kwa anthu a BP ndi shuga. Kachasu wa zaka zambiri, komanso HIV yosamwera mankhwala, nazonso zimaononga ubongo motere.

Mankhwala ochiziratu kulibe. Wodwalayo sangasinthe ngakhale mumulangize chotani, ndiye zonse zili m'munsimu ndi zoti musinthe inu amene mwamuzungulira.

1. Yambani ndi kuchipatala, ndipo yambani mwadzifunsa kuti zinayamba liti.

Ngati agogo anali bwinobwino sabata yatha ndipo asokonezeka m'masiku awiri kapena atatu, thamangani nawo lero lomwe. Kusokonezeka kwadzidzidzi kumabwera ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kutsika kwa shuga, sitiroko, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu. Zambiri mwa izi zimachizika, ndipo munthu amabwerera mwakale. Dementia siyamba usiku umodzi.

Ngati zakhala zikukula kwa miyezi, pitanibe, koma mutakonzeka. Tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe. Gadiyani akhale munthu amene amagona nawo nyumba imodzi, osati mwana wa kutauni amene wangofika dzulo ndi galimoto. Agogo akafunsidwa ndi adokotala adzayankha mwaulemu kuti ali bwino, ndiye wodziwa za usiku ndi amene ayenera kufotokoza. Pemphani kuti awayeze BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chindoko. Musachite manyazi poti ndi achikulire. Aonedwenso maso ndi makutu, chifukwa gogo wa ng'ala amene samvanso bwino amaoneka wosokonezeka kuposa mmene alili. Matenda a nkhawa, makamaka kwa munthu amene wangoferedwa kumene, amathanso kuoneka ngati dementia ndipo amachizika.

Pachipatala cha boma lanu funsani namwino woona za matenda a m'maganizo. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Zomba Mental, ku Queen Elizabeth, ku Bwaila kapena ku St John of God ku Mzuzu. Kumeneko mukupita kukaonana ndi akatswiri, osati kukawasiya. Musanachoke, pemphani kuti alembe dzina la matendawa m'kabukumo momveka bwino. Tsamba limenelo mudzalifuna pa mfundo yachinayi.

Pali mankhwala monga donepezil amene amathandiza ena pang'ono kwa kanthawi, koma saimitsa matendawa. Chimene ndikuletsani ndi kugula valium kapena piriton kuti agogo azigona. Amawonjezera kusokonezeka, ndipo nkhalamba ikagwa ndi tulo ta mankhwala n'kuthyoka m'chiuno kawirikawiri siyendanso. Mankhwala a misala monga chlorpromazine ndi haloperidol amawonjezera ngozi ya sitiroko kwa odwala dementia, choncho aperekedwe ndi achipatala okha, ochepa, kwa nthawi yochepa.

2. Khalani pansi ngati banja agogo akadali otha kulankhulapo.

Itanani mwinimbumba, ana onse, ndi amene ali ku Joni kapena ku Britain alowe pa WhatsApp. Agogo nawonso akhalepo, anene kumene akufuna kukhala ndi amene akufuna kuti aziwasunga. Mugwirizane zinthu zitatu: akhala kuti, akhala ndi ndani, ndalama zichokera kuti mwezi ndi mwezi.

Mabanja ambiri amagwirizana zoti agogo azizungulira, mwezi uno kwa uyu, wamawa kwa uyo. Zimaoneka zachilungamo kwa ana koma kwa wodwala ndi nkhanza. Nyumba yatsopano iliyonse ndi khomo la chimbudzi losadziwika, nkhope zachilendo, ndi usiku wa mantha. Azikhala pamalo amodzi, makamaka pamene anazolowera, ndipo ozungulira akhale inu.

Kambiranani za penshoni, khadi la kubanki, nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndalama za Mtukula Pakhomo, chiphaso chaunzika, munda ndi ziweto. Ngati akufuna kulemba wilo, nthawi yake ndi ino mutu ukadagwira. Wosunga ndalama akhale ndi kope lolembamo chilichonse chimene wagula, ngakhale sopo, ndipo aziwaonetsa abale ake. Kopelo limapulumutsa ubale.

3. Lekani kutsutsana nawo.

Agogo abisa ndalama pansi pa mphasa, aiwala, ndiye akuti mpongozi waba. Kwa iwo si bodza. Ndalama sakuziona, sakukumbuka kuti anazisuntha, ndipo mutu wawo wapeza yankho lokhalo lotsala. Mukati "ine si wakuba," mwayamba mlandu umene simungawine, chifukwa umboni wanu ndi chinthu chimene chinafufutika m'mutu mwawo. Ingonenani kuti, "Pepani amayi, zasowa? Tiyeni tifunire limodzi." Posakhalitsa mudzadziwa malo amene amakonda kubisa: m'pilo, mu mtsuko, pa mfundo ya chitenje, kutsindwi. Asiyireni ndalama zochepa zoti azisunga okha kuti asamve ngati alandidwa chilichonse.

Akafunsa kuti, "Bambo ako sanabwerebe?" pamene bambowo anamwalira kalekale, musafulumire kunena kuti anatisiya. Adzalira ngati uthenga wafika lero, n'kuiwala, mawa mudzawaliritsenso. Ena amati, ndiye tiziname? Simukuyenera kunama. Nenani kuti, "Mwawasowa eti? Kodi paja munakumana kuti?" Nkhani ikayamba, mtima umakhala pansi. Koma akakuyang'anani m'maso n'kufunsa kuti, "Kodi anamwalira?" auzeni zoona mofatsa, mukhale nawo pafupi mpaka chisoni chidutse.

Akati "ndikufuna kupita kwathu" ali m'nyumba yawo yomwe, kwawo kumene akunenako ndi mudzi wa ubwana wawo, kumene kunali amayi awo. Kawirikawiri akutanthauza kuti ali ndi mantha. Mungati, "Tipita, koma tiyambe tamwa phala," kapena mutuluke nawo, muzungulire pang'ono, mubwerere kudzera njira ina.

Ndipo chonde letsani alendo mayeso aja a "Agogo, mwandizindikira? Tanenani, ndine ndani?" Amangowachititsa manyazi. Mlendo adzitchule yekha: "Agogo, ndine uje, mwana wa uje, ndabwera kudzakuonani." Afikireni chakumaso, khalani pansi kuti maso alingane, funsani chinthu chimodzi n'kudikira. M'malo mofunsa kuti mudya chiyani, funsani kuti phala kapena mbatata. Akhalebe "inu", asasanduke "iwe" chifukwa adziipitsira. Mawu amatha msanga kuposa kumva ngati munthu akuwalemekeza kapena akuwanyoza.

4. Uzani mudzi zinthu zisanaipe.

Malangizo ambiri a dementia amalembedwa kumaiko kumene choopsa chachikulu n'chakuti wodwala agwa pamasitepe, ndiye mfundo iyi mulibe. Kwathu kuno choopsa chachikulu ndi khamu la anthu.

Onani mmene matendawa amachitira. Munthu amadzuka pakati pa usiku akuganiza kuti kwacha. Amavula zovala chifukwa zanyowa kapena zikumutentha. Amasokera n'kukakhala pakhonde la eni ake, kapena kumanda kumene kunagona mwamuna wake. Amalankhula ndi anthu amene anamwalira. Akafunsidwa kuti wachokera kuti amatchula mudzi wakutali kumene anabadwira. Choopsa kuposa zonse n'chakuti anthu akamuzungulira n'kumukalipira kuti, "Umatamba iwe eti? Lichero lako lili kuti? Mwana uja unamudya ndiwe?" amavomera, chifukwa sakumvetsa funso ndipo akufuna kuti phokoso lithe. Chizindikiro chilichonse cha matendawa chikufanana ndi zimene anthu amayembekezera kuona mfiti ikagwa. Pofika 6 koloko m'mawa, vidiyo ili kale pa Facebook.

Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Ngati nkhalamba zingaphedwe chifukwa cha mphenzi, kuli bwanji gogo wopezeka ali maliseche pabwalo la wina m'bandakucha?

Mabanja ambiri amabisa. Amawatsekera agogo kuchipinda chakumbuyo, alendo akabwera amati agona. Kubisako n'kumene kumadyetsa mphekesera. Anthu amayamba kufunsana kuti akubisa chiyani, ndipo ngati m'banjamo muli mwana amene bizinesi ikumuyendera, amati anawakhwimira amayi ake kuti alemere. Ndiye mwabisa pofuna kuteteza dzina la banja, dzinalo n'kuipa kawiri.

Chitani motere. Pitani kwa amfumu inu ndi mwinimbumba, mutanyamula kabuku ka kuchipatala kaja, ndipo mupemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akuperekezeni. Mawu a mlangizi amamveka mosiyana ndi anu, chifukwa inu anthu adzati mukuikira kumbuyo mayi anu. Pemphani amfumu kuti alengeze pamsonkhano wa mudzi, ndipo abusa kapena ashehe anene pamapemphero. Kenako yendani nokha kwa anansi, kwa amayi a pamjigo, kwa anyamata a kabaza pasiteji, kwa mwini golosale ndi kwa achitetezo cha m'mudzi. Musachulutse mawu. "Amayi athu akudwala matenda a ubongo oiwalitsa, achipatala anawapeza nawo. Nthawi zina amasokera, ngakhale usiku, ndipo amatha kuvula. Mukawaona, afunditseni chitenje, musawafunse mafunso, mutiimbire." Kutauni n'chimodzimodzi: alandilodi, oyandikana nawo pa mdadada, amfumu a m'dera ndi alonda a usiku adziwe.

Muwatchuliretu zinthu zochititsa manyazizo. Mukangoti "akudwala" osanena za kuvula ndi kuyenda usiku, tsiku limene zidzachitike anthu adzati izi ndiye zina. Munthu amene anauzidwiratu akaziona amati, "Ndi zija ananena zija."

Ana a m'mudzi muwauzenso. Ndi amene amayamba kuimba nyimbo zonyoza ndi kuponya miyala, koma ndi amenenso amaona koyamba agogo akulowera kumtsinje.

Musaiwale kuyang'ana m'nyumba mwanu momwe. Nthawi zambiri woyamba kunena kuti agogo ndi mfiti si mlendo, ndi mdzukulu amene zinthu sizikumuyendera, kapena mbale amene maso ake ali pa munda. Pakagwa maliro a mwana pamudzi, masiku amenewo agogo asakhale okha. Mapemphero ndi abwino ndipo odwala ambiri amatonthozedwa nawo, koma musawatengere kwa sing'anga kapena mneneri amene adzawakakamize kuulula pagulu. Adzaulula chilichonse, ndipo mawuwo sadzabwezeka.

Tsiku limene mwapeza khamu litawazungulira, musayambe mtsutso woti ufiti ulipo kapena kulibe. Pamenepo simuwina. Lowani pakati, afunditseni, nenani mokweza kuti, "Awa ndi amayi anga, akudwala, amfumu akudziwa, buku lawo la kuchipatala ili," n'kuwachotsapo. Wina aimbire amfumu ndi apolisi nthawi yomweyo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support yolandira madandaulo otere. A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, nawonso amalimbana ndi nkhanza zimenezi. Ngati anthu ayamba kuopseza zotentha nyumba, asamutseni. Apa pokha ndi pamene lamulo losawasuntha lija limagonja.

5. Konzani pakhomo.

Mbaula ndi moto asakhale nazo okha. Mankhwala a chimanga, tameki, feteleza ndi palafini wa m'botolo la Fanta zikhale kokiya. Vundikirani chitsime, konzani pakamwa pa chimbudzi ngati ndi pokula, ndipo usiku muwaikire ndowa kuchipinda ndi nyale ya sola yoyaka mpaka kucha. Sokererani kansalu kolembapo nambala ya foni pa zovala zimene amavala kawirikawiri, chifukwa pepala la m'thumba amataya. Khalani ndi chithunzi chawo chatsopano mufoni. Pachitseko mangiranipo chitini cha timiyala kuti chikudzutseni.

Musawamange ndi chingwe, ndipo musawakiyire okha m'nyumba inu n'kupita kumunda. Moto ukabuka sangatuluke, ndipo womangidwa amalusa kuposa kale. Amene wayenda masana ndi mdzukulu amagona bwino usiku. Akasowa musadikire kuti kuche. Yambani ndi kumtsinje ndi kumsewu, kenako munda wawo wakale, nyumba yakale, tchalitchi, manda, ndi njira yopita kumudzi kumene anabadwira.

6. Tsiku lililonse lifanane ndi linzake.

Kudzuka, kudya, kusamba ndi kugona zikhale pa nthawi yomweyo, kapu yomweyo, mpando womwewo. Apatseni ntchito imene manja awo akuikumbukira: kutong'ola chimanga, kusankha nyemba, kuswa mtedza, kusesa pabwalo. Zikapanda kuyera musakonze iwo akuona. Nyimbo za kutchalitchi ndi za paunyamata wawo zimatsala ngakhale maina a ana atapita, ndiye muziimba nawo.

Kusamba ndiye nkhondo ya mabanja ambiri. Kumbukirani kuti mayi amene sanavulepo pamaso pa mwana wake wamwamuna kapena mkamwini sayamba lero. Wowasambitsa akhale wamkazi kwa agogo aakazi, wamwamuna kwa agogo aamuna. Madzi akhale ofunda, dzuwa litakwera, chitenje chili pathupi, ndipo muwapatse sopo ndi kansalu ayambe okha. Akakana, siyani, mudzayesenso pakapita ola. Sikofunika kusamba thupi lonse tsiku ndi tsiku, bola malo obisika akhale oyera ndi ouma. Aperekezeni kuchimbudzi pakapita maola awiri kapena atatu osadikira kuti anene.

Amene amaiwala kuti adya, agawireni chakudya chomwecho pang'onopang'ono kangapo, ndipo mbale musaichotse msanga. Madzi ndi thobwa muziwapatsa m'manja, chifukwa ludzu salizindikira. Dzuwa likapendeka odwala ambiri amabalalika, amamanga katundu, amafuna kutuluka. Yatsani nyale kusanade, tsitsani wailesi, tiyi wamasamba asiyeni wa m'mawa wokha, ndipo asagone masana onse.

Munthu wofatsa akayamba mwadzidzidzi kumenya kapena kukuwa, funani pamene pakupweteka. Onani dzino, chilonda kuphazi, matekenya, funsani kuti anapita liti kuchimbudzi komaliza, onani ngati mkodzo ukununkha kapena thupi latentha. Sangathe kunena kuti m'mimba mukupota, ndiye amakukankhani.

7. Samalirani wosamalira.

Pafupifupi nthawi zonse ndi mkazi mmodzi: mwana wamkazi, mpongozi, kapena mdzukulu amene wasiyitsidwa sukulu. Zomusiyitsa mwana sukulu kanani poyera. Wosamalira amene sagona usiku, amene akutchedwa wakuba tsiku ndi tsiku, tsiku lina adzawamenya agogo, ndipo olakwa adzakhala banja lonse limene linamusiya yekha. Akhale ndi tsiku limodzi pa sabata lochoka pakhomo, ndipo pakhale wina wogona ndi agogo masiku ena. Amayi a Mvano, a Dorika, a mphakati kapena a kumzikiti amathandiza mukawapempha chinthu chodziwika, monga kukhala nawo Lachinayi masana.

Inu a kunja, ndalama zimene mumatumiza n'zofunika, koma sizikupatsani ufulu woimba foni n'kumakalipa kuti amayi aonda. Pafoni ya mphindi zisanu agogo amamveka bwinobwino, ndipo adzakuuzani kuti sakupatsidwa chakudya. Musanakhulupirire, funsani mlongo wanu kuti iye wagona maola angati, ndipo mukabwera pa holide mutenge ntchitoyo sabata yathunthu iye akapume.

8. Akagona osadzukanso.

Kumapeto munthu amasiya kuyenda, kulankhula, ndiponso kumeza bwino. Atembenuzeni pakapita maola awiri alionse, muziyang'ana m'chiuno, kumsana ndi ku zidendene. Malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lonse ndi chilonda chimene chikubwera, ndiye pamenepo pasagonedwe. Pansi pa nsalu yalani pulasitiki, koma khungu lisakhudze pulasitikiyo, ndipo nsalu yonyowa ichotsedwe msanga. Podya akhale tsonga, muwapatse phala lolimbirako ndi supuni yaing'ono, mudikire ameze musanapatsenso, ndipo akhalebe chokhala kwa theka la ola akamaliza. Musawathire madzi kapena phala m'kamwa ali chigonere. Zimalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, chimene chimapha odwala dementia ambiri.

Akayamba kukana chakudya m'masiku otsiriza, si kuti mwalephera kuwadyetsa, thupi ndi limene lasiya kulandira. Anyowetseni milomo ndi kansalu, muwapake mafuta, ndipo funsani kuchipatala cha boma lanu za gulu losamalira odwala matenda osachiritsika, limene limapereka mankhwala a ululu ndi kuphunzitsa gadiyani. Uzani abale akutali msanga kuti amene akufuna kudzawaona ali moyo anyamuke.